Zonse za Kumbuyo Aziona Yekha

Kalatayi idalembedwa ndi bolopeni pa pepala long'ambidwa pakati pa kope la mwana wa sukulu. Mlamu wanga, makaniko wa ku Limbe, adailandira tsiku lomwe adagula Land Rover yakale m'mudzi wina wochita malire ndi minda ya tiyi ku Thyolo. Maina a anthu, a mudzi ndi a kampani ndawachotsa. Mawu otsala ndi awa, monga momwe mwini wake adawalembera:

"Ine ndagulitsa galimoto yanga ya Landrover imene bambo anga anapatsidwa ndi kampani atapuma ntchito. Galimotoyi ndi yakufa koma injini ndi yamoyo. Yakhala pa miyala kuyambira chaka cha njala. Bulubuku ndapereka. Zonse za kumbuyo ku Road Traffic aziona yekha wogula. Ndalama ndalandira zonse, palibe kubweza."

M'munsi mwake muli siginecha ya wogulitsa, ya wogula ndi ya mboni, kenaka chala cha inki cha mayi ake a wogulitsa, ndi chidindo cha a nyakwawa chomwe chidadindidwa mopendekeka pang'ono.

Wolemba kalatayi sadaname paliponse, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti ndi yoyenera kuiwerenga modekha. Kalata ya tambwali siphunzitsa kanthu, umangogwira bodza n'kuitaya. Iyi ndi ya munthu woona mtima amene wanena zonse zomwe akudziwa, koma pafupifupi chiganizo chilichonse chikupereka chinthu chomwe iye alibe mphamvu yochipereka.

Chiganizo choyamba chili ndi eni galimoto atatu: ine, bambo anga, kampani. Wolembayo wawaika mobwerera m'mbuyo, kuyambira pa iye mwini, ndipo boma limawawerenga kuchokera kumapetoko. Mu bulubuku muli dzina la kampani, basi. Bambo aja, amene adaiyendetsa galimotoyi zaka zonse za mphamvu zawo, kunyamula manijala m'tinjira ta m'minda, kukatenga ndalama za malipiro kumathero a mwezi, kuthamangira kuchipatala usiku ndi mayi wodwala wa m'makomboni, sapezeka pa tsamba lina lililonse.

Mwana wawo akadatha kungolemba kuti wagulitsa galimoto yake n'kulekera pomwepo. Watchula bambo ake ndi kampani chifukwa kumudzi mbiri ya chinthu ndiyo umboni wa umwini. Aliyense wa msinkhu wabwino m'deralo adaona tsiku lomwe madalawo adafika pakhomo akuliza hutala, ana akuthamangira fumbi. Ndani angatsutse? Ndipo mawu akuti "anapatsidwa" ali ndi kunyadira mkati mwake. Sadagule, sadabwereke, sadabe. Azungu a pa esiteti adaona ntchito yawo n'kuwapatsa makiyi. Tsoka lake n'lakuti kupatsidwa kotere kawirikawiri kunkathera pa makiyi pomwepo. Kampani ikatopa ndi galimoto imaichotsa m'mabuku ake a chuma, kalaliki n'kulemba mzere pa dzina lake, nkhani yatha. Koma buku la boma ndi lina, ndipo silidziwa zomwe zidachitika pa khonde la ofesi ya esiteti.

Pakati pa "bambo anga" ndi "yanga" pali maliro omwe kalatayi sidawatchule. Bambowo adamwalira, ndipo palibe mawu osonyeza momwe galimoto idachokera kwa iwo kufika kwa mwana mmodzi yekhayu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana onse, osati mwana amene wangopezeka kuti ndiye ali pafupi ndi katunduyo. Kwa Alomwe ndi Amang'anja a ku Thyolo, kumene mbumba imatsata kuchikazi, amalume nawo sakhala chete pa nkhani zotere. Apa m'pamene ndimaona nzeru ya chala cha mayi aja. Sadatchulidwe m'ziganizo, koma inki yawoyo ikuyankha funso lomwe alongo ndi abale akadafunsa mawa lake. Pa tsamba lonseli, chalacho ndicho chidaikidwa ndi munthu woona patali.

"Galimotoyi ndi yakufa koma injini ndi yamoyo." Makaniko aliyense amva tanthauzo lake: siyenda, koma ukaika batire ndi kuthira mafuta pang'ono imalira. Wogulitsa akuteteza mtengo wake uku akuvomereza zooneka ndi maso. Chomwe sadadziwe n'chakuti pa galimoto ya mtundu uwu, imfa ndi moyo zimabisala malo ena. Iyi ndi Series III, imene fakitale ya ku Solihull ku England idapanga kuyambira 1971 mpaka 1985. Chiyambire 1948, pamene chitsulo chinkasowa nkhondo yachiwiri itangotha, thupi la Land Rover linkapangidwa ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija. Ndiye galimoto ikhoza kukhala panja zaka makumi, penti n'kusuwa, mawindo n'kusweka, zitseko zili gwa. Koma chesisi yomwe yanyamula zonsezo ndi yachitsulo. Ku Thyolo, kumene chiperoni chimakhala masiku osakata m'miyezi yozizira ndipo udzu wa pansi pa galimoto suuma msanga, chitsulo chimadyeka kuyambira mkati. Nambala ya chesisi idakhomedwa pa chitsulo chomwecho, kutsogolo cha kumanja pafupi ndi pomangirira sipuling'i, malo omwe matope amafikapo poyamba. Mlamu wanga adachita kupala malowo ndi bulashi ya waya, kupakapo choko n'kupukuta ndi chala kuti manambala aoneke. Adaoneka, ngakhale awiri omalizira ndi ofuna maso a munthu wachikhulupiriro.

Injini yamoyo ija nayo ili ndi nkhani yake. M'magalaja a maesiteti, kumene Land Rover zinkakhala zingapo za mtundu umodzi, makaniko sankadikira sipeya kuchokera ku Blantyre pamene masamba akudikira kupita ku fakitale. Ankazula injini mu galimoto yogundidwa n'kuika mu inzake, m'mawa ntchito n'kupitirira. Palibe amene ankaganiza zokauza boma. Nambala ya injini yomwe ili mu galimoto ya mlamu wangayi sigwirizana ndi ya mu bulubuku. Chinthu chomwe wogulitsa adachitama kwambiri ndicho chidzautse mafunso ochuluka kwa apolisi oona za umwini wa magalimoto, pakuti kwa iwo injini yachilendo ikhoza kukhala yakuba kufikira wina atabweretsa pepala lonena kumene idachokera.

Chiganizo chachitatu ndimachikonda kuposa zonse. "Yakhala pa miyala kuyambira chaka cha njala." Kwa wolembayo, limeneli ndi deti lomveka bwino. Iye akukumbukira: bambo adaimika galimoto chifukwa ndalama ya petulo idapita ku chimanga, matayala adagulitsidwa limodzi ndi limodzi, ndipo pofika nthawi yokolola giyabokosi idali itauma. Koma njala yake iti? Agogo akamati chaka cha njala amanena 1949, galimotoyi isadapangidwe n'komwe. Kudali chilala cha 1992. Kudali njala ya 2002, yomwe anthu ambiri a msinkhu wa wogulitsayu ndiyo amaitchula popanda kuwonjezera mawu. Kudabweranso ya 2005, ndi ya 2016. Pakati pa 1992 ndi 2016 pali zaka 24, ndipo m'mayiko ena kusiyana kotere kukadatanthauza ndalama zogulira galimoto ina.

Amalawi okhala ku Johannesburg amazidziwa izi. Ku South Africa laisensi ya galimoto imalipidwa chaka ndi chaka, kaya galimotoyo ikuyenda kaya nkhuku zikuikiramo mazira. Ukadutsitsa masiku 21 achisomo, umalipira zotsalira zonse, kuphatikizapo chindapusa cha gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa pachaka pa mwezi uliwonse womwe wachedwa. Kompyuta ya boma imawerenga kukhala chete kwako ngati ngongole. Ku Britain adakonza khomo lotulukira: kuyambira 1998 mwini galimoto amatha kulengeza ku boma kuti galimoto yake yachoka pa msewu, msonkho n'kuima pomwepo, ndipo galimoto yopitirira zaka 40 ikalembedwa m'gulu la magalimoto a mbiri yakale silipiranso msonkhowo. Series III iliyonse tsopano yafika msinkhu umenewo. Kumeneko galimoto ngati iyi ndi chuma cha anthu odya bwino, amaipukuta Loweruka n'kupita nayo ku chionetsero.

Kuno kwathu ndalama zambiri zokonzera misewu zimatoleredwa pa lita iliyonse ya mafuta n'kupita ku Roads Fund Administration, ndipo kuyambira 2021 kudabwera mageti olipiritsa pa msewu wa M1, kuyamba ndi la pa Chingeni, kenaka la pa Kalinyeke. Galimoto yokhala pa miyala simwa petulo ndipo sidutsa pa geti, choncho mbali imeneyo ilibe mlandu. M'njira imeneyi muli chilungamo chomwe sitichiyamikira kawirikawiri: woyenda ndiye amalipira. Komabe zaka zokhala pa miyala sizipita ulere. COF yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, yomwe imayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka, idatha kalekale. Inshuwalansi chimodzimodzi. Ndipo chachikulu, dziko lidasintha kaundula wake galimotoyi ili mtulo.

Izi zikutifikitsa pa chiganizo chachifupi kwambiri: "Bulubuku ndapereka." Mawu awiri okha, olembedwa ndi mtima wokhazikika, chifukwa m'maganizo a wolembayo wapereka chinthu chachikulu kuposa zonse. Banjali lidaisunga bulubukuyo m'sutikesi, m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi makhadi a sikelo ndi chithunzi cha ukwati. Ndidaigwira m'manja. Ndi yofewa ngati nsalu m'mopinda, mphemvu zidadya ngodya imodzi, imanunkha utsi wa m'nyumba. Zilembo zake ndi za taipi, ndipo chilembo chimodzi chinkadumpha pamwamba pa mzere paliponse pomwe chapezeka. Nambala yake ndi ya ku Blantyre, osati TO ya ku Thyolo, poti makampani ambiri ankalembetsa magalimoto awo m'tauni. Anthu ambiri amakhulupirira kuti wogwira bulubuku ndiye mwini galimoto, ndipo kwa zaka zambiri malonda a m'midzi ndi m'matauni omwe ankayenda choncho. Koma bulubuku ndi mboni chabe, ndipo umboni wake ukutsutsa wogulitsa: ikunena kuti galimotoyi ndi ya kampani. Mu 2015 a Road Traffic adayamba kugwiritsa ntchito njira ya pa kompyuta ya MalTIS yokonzedwanso, yomwe imafuna kuti munthu aliyense wochita nawo za galimoto akhale ndi khadi lake, chithunzi chake ndi zidindo za zala zake zili mu kompyuta. Amene adaima pa mizere ya pa Ginnery Corner chaka chimenecho sadaiwale. Magalimoto oyenda adalowa m'kaundula watsopanoyo chifukwa eni ake adalibe kuchitira mwina. Okhala pa miyala adatsala kunja.

Tsopano chiganizo chomwe chanyamula katundu yense: "Zonse za kumbuyo ku Road Traffic aziona yekha wogula." Taonani kamangidwe kake. Ziganizo zina za wogulitsa zili ndi ntchito zomalizidwa: ndagulitsa, ndapereka, ndalandira. Mneni yekhayo woloza kutsogolo m'kalata yonse ndi "aziona", ndipo waperekedwa kwa munthu wina. Wogulayo waikidwa kumathero kwenikweni kwa chiganizo, ngati kuti wolemba adayamba wakankha katunduyo kenaka n'kuyang'ana woti amugwere. Pa kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, "aziona yekha" ndi mawu osamba m'manja, onenedwa kwa mwana wosamva kapena mnzako wokana malangizo. Pano sindimvamo nkhanza. Ndimamvamo mantha a munthu amene sadalowepo mu ofesiyo, amene adangomva kuti kumeneko ndalama zimatha ngati madzi, ndipo akudziwa kuti mlandu suwola.

Mawu akuti "ku Road Traffic" achepetsa nkhani. Wogulitsa akuganiza za ofesi imodzi, zenera limodzi ndi ndalama imodzi yaikulu. Zoona zake n'zakuti za kumbuyozo zidamwazikana. Apolisi ayenera kuona manambala ndi kutsimikiza kuti galimoto si yakuba. A MRA, bungwe lomwe lidayamba ntchito mu 2000, galimotoyi ili kale yokalamba, ali ndi mbali yawo pa nkhani ya misonkho umwini usadasinthe. Galimoto iyenera kukonzedwa mpaka mabuleki, magetsi ndi chiwongolero zikhutiritse woyeza, apo ayi COF situluka. Khomo lililonse lili ndi mtengo wake, ndipo panja pake pamakhala madobadoba olonjeza kufupikitsa njira. Zonsezi munthu wakhama ndi wa kathumba kolemera akhoza kuziona yekha ndithu. Chomwe sangachione yekha ndi chimodzi: kusintha umwini kumafuna kuti mwini wolembedwa m'kaundula avomere. Mwiniyo si mnyamata wolemba kalata, si mayi wa chala cha inki, si a nyakwawa. Ndi kampani, kudzera mwa munthu amene idamusankha kuiimira pa za magalimoto.

Kampaniyo ndi iti lero? Tiyi adayamba kudzalidwa ku Thyolo cha m'ma 1908 pa Bandanga, ndipo chiyambire pamenepo minda yakhala ikusintha manja. Ilipo ina ngati Satemwa, yomwe Maclean Kay adaiyambitsa mu 1923 ndipo idakali m'manja mwa banja lomwelo. Koma Makandi, mwachitsanzo, idagulidwa ndi kampani ya Dhunseri ya ku India mu 2012, itadutsa kale m'manja mwa eni ena. Maina amasintha, maofesi amasamuka, mafailo akale amadyedwa ndi chiswe kapena kuotchedwa pokonza m'stolo. Kampani yolembedwa mu bulubuku ya mlamu wanga siidziwikanso ndi dzina limenelo. Akalaliki a lero adabadwa galimotoyi itachoka kale. Kalata yomwe ikufunika ndi ya mizere itatu, yonena kuti galimoto yakutiyakuti idaperekedwa kwa wantchito wakutiwakuti ndipo kampani ilibe nayo kanthu. Singawonongetse kampani ngakhale tambala. Koma ndi bwana uti angasaine za katundu yemwe sapezeka m'mabuku ake, pa mawu a munthu wobwera ndi pepala la m'kope? Sindimuda bwanayo. Inenso ndikadakhala pa mpando wake ndikadati mubwere sabata ya mawa.

Mawu akuti "za kumbuyo" akalembedwa ku Thyolo amalemera mosiyana ndi kwina, ndipo pano ndipatuke pang'ono. Boma la Thyolo lili ndi mbiri yaitali yowerengetsa zakale. Pa nthawi ya thangata, mabanja okhala pa malo a azungu ankalipira lendi ndi thukuta lawo, ndipo lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa maesiteti lidangoikonza njirayo osaithetsa. Mu Ogasiti 1953 chipolowe chidabuka, chitayambira pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza pa nkhani ya malalanje, ndipo anthu adafa. Thangata adatha mu 1962, koma malo ambiri abwino adatsala ndi tiyi, midzi ili yopanikizana m'mphepete. Mu 2016 Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation adalowa m'munda wa Conforzi, ndipo pa zofuna zawo padali yoti eni maesiteti alipire mapaundi 65 pa ekala iliyonse, chaka chilichonse, kuwerenga kuyambira 1914. Ambiri adaseka, ndipo nkhaniyo idathera kukhoti. Munthu akhoza kuganiza zomwe angafune za Wandale, ine sindidamutsatire pa zambiri, makamaka zija zolengeza dziko lakelake la Thyolo ndi Mulanje. Koma masamu akewo ndi omwewo amene ofesi ya malaisensi ku Johannesburg imachita tsiku ndi tsiku popanda woiseka: mtengo wa pachaka kuchulukitsa ndi zaka zomwe sizidalipidwe. Kusiyana kwake kuli pa amene wagwira chidindo.

Ndikabwerera ku chiganizo choyamba ndi maganizo amenewa, mawu akuti "atapuma ntchito" amandivuta. Lamulo lokakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni lidayamba kugwira ntchito mu 2011, bambo aja atapuma kalekale. Kalatayi sinena ngati Land Rover idabwera pamwamba pa ndalama zopumira kapena m'malo mwake. Ngati idali m'malo mwake, ndiye kuti galimotoyi payokha idali malipiro a za kumbuyo, ndipo malipirowo adaperekedwa mwa theka: chitsulo chidapita kumudzi, dzina lidatsala ku ofesi.

Chiganizo chomaliza sichifuna kukhalitsapo. "Ndalama ndalandira zonse, palibe kubweza." Wogulitsa akutseka chitseko, ndipo ali ndi chifukwa. Ndalamazo zidali ndi ntchito zisadafike n'komwe, feteleza, malata, fizi. Ndiponso kwacha yomwe idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 yaphunzitsa aliyense kuti ndalama yobwezedwa chaka chamawa si yomwe idaperekedwa chaka chino. Mtengo weniweni sadaulembe, ndipo ndikhulupirira adachita dala, pakuti kalata yodutsa kwa a nyakwawa imawerengedwa ndi maso ambiri, ndipo achibale akamva chiwerengero amayamba kudwala.

Kusowa kwa mtengoko kumakuonetsa chinthu china. M'ziganizo zonse zisanu ndi chimodzi mulibe nambala ngakhale imodzi. Mulibe nambala ya galimoto, mulibe ya chesisi, mulibe ya injini, mulibe chaka, mulibe nambala ya chitupa cha unzika chomwe anthu ambiri ali nacho chiyambire 2017. Manambala okhawo pa tsambali ndi deti lomwe a nyakwawa adalemba pakati pa chidindo chawo. Kwa anthu amene adali pansi pa mtengo tsiku limenelo, panalibe chosowa: galimoto idali pomwepo, aliyense akuiona, ndipo Land Rover m'mudzimo idali imodzi yokha. Kwa kalaliki wa pa zenera, pepalali likhoza kunena za Land Rover iliyonse ya m'Malawi muno. Mlamu wanga, amene amadziwa nambala ya belingi iliyonse pamtima, adasaina osaona zimenezi, maso ali pa injini.

Galimotoyo tsopano ili kuseri kwa galaja yake ku Limbe, pa matayala obwereka. Kalata yopempha kampani idapita, ndipo loya wina wamulangiza zokalumbira pamodzi ndi mayi aja ndi mkulu wina amene ankagwira ntchito m'galaja ya esitetiyo, kuti pakhale umboni wolembedwa wa kuperekedwa kwa galimoto ndi kusinthidwa kwa injini. Mkuluyo ndi wokalamba kwambiri, choncho nkhaniyi siyofunika kuizengereza. Ndidamufunsa mlamu wanga ngati sakudandaula.

"Alamu, mapepala akakanika sinditaya kanthu," adatero. "Wachigayo wina wa ku Bvumbwe akufuna injini. Zitseko ndi boneti alipo mzungu akukonza yake, wandiimbira kale. Zotsalazo anyamata oumba mapoto ku Ndirande amagula pa kilo."

Adawerengetsa kale, ndipo akuti kuigulitsa zidutswazidutswa kungabweze ndalama zake ndi kapindu pang'ono. Ikatuluka ndi mapepala, COF ili pa galasi, mtengo wake ungakwere kangapo. Wadzipatsa mpaka mvula ikadzayamba.